Ndinam'meta Dzuwa Likuswa Mtengo

Anthu a ku Chinamwali amene akundikumbukirabe amandidziwa ndi zinthu ziwiri: kuti sindinabereke, ndi kuti ndinameta mayi amene khoti linati anapha mwana wake. Choyambacho n'cha Mulungu, ofuna kudziwa akam'funse mwini wake. Chachiwiricho n'changa. Ndinachita ndi manja anga awa, anthu akuona, ndipo mutandipatsa lezala lero ndikhoza kubwereza.

Zinali zaka zoyambirira za matipate. Mawu akuti ufulu anali pakamwa pa aliyense, mpaka mwini mbuzi ankati mbuzi zake zili ndi ufulu wodya chimanga chako. Ife amayi a nkhuni ufulu umene tinauona unali wokwera phiri. Tinkanyamuka m'mamawa ndi zikwanje, zingwe ndi nkhata, kukwera mpaka m'nkhalango ya mapaini pamwamba pa phiri la Zomba. Kumeneko tinkatola nthambi zouma ndi zotsala za ocheka matabwa, kumanga mitolo yaitali kuposa munthu, n'kutsika nayo kudzagulitsa kwa akazi a aphunzitsi ndi a makalaliki a boma.

Mtolo wa paphiri munthu sadzitwika yekha. Pamafunika anzako okutwika, ndipo ukasenza sutula paliponse pamene wafuna. Pamalo otsetsereka ukayesa kuuponya, umakupotokola khosi, ndipo ngati uli ndi mwana kumsana mchira wa mtolowo umam'menya m'mutu. Pali malo ake otulira, pamene pali mwala kapena chitsa choyedzamitsapo. Aliyense wa ife ankawadziwa malo amenewa kuposa mmene ankadziwira mavesi.

Pa geti la nkhalango pankafunika tikiti. Ambirife ya tikitiyo tinalibe, choncho tinkalowera njira za m'tchire n'kumazemba alonda. Akakugwira ankakulanda chikwanje, ndipo kwa ambirife chikwanje ndiye anali mwamuna wa pakhomo. Tsono mdani wamkulu wa munthu wozemba ndi mwana wolira kumsana. Pa chifukwa chimenechi panali kachitidwe kena kamene aliyense ankakadziwa koma sikankatchulidwa pagulu. Pa okala pankagulitsidwa timapiritsi ta chimfine, tija munthu ukamwa umangowodzera. Mayi ankabenthula pang'ono, kusungunula pa supuni, n'kumwetsa mwana asananyamuke. Mwana ankagona ulendo wonse, kukwera ndi kutsika komwe. Amayi ankati kumeneko n'kum'dulira tikiti mwana, ndipo ankaseka akamatero.

Gulu lathu linali ndi mtsogoleri, mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje. Tinkawatchula kuti amayi a tcheya, pakuti masiku amenewo anthu atatu akangokhala pansi pa mtengo ankasankha tcheya. Iwowa ndiwo ankaphunzitsa atsikana obwera kumene njira zozembera, malo otulira, ndi za timapiritsi tija. Sanali munthu woipa mtima tsiku lililonse, ndinene zoona. Ukadwala ankabwera kudzakuona. Koma ankakonda kuti dzina lawo likhale loyera ngati malaya a pa Sabata.

Mtsikana wa ku Mayaka anadzakhala chitseko choyandikana ndi changa, pa mdadada wa nyumba za lendi. Mwamuna wake anali mlonda ku Chirunga, kumene kumagona ana a ku yunivesite, ndipo kumeneko anakapezako mayi wina wokazinga tchipisi, n'kuiwala njira ya kwawo. Mtsikanayo anatsala ndi mwana wamwamuna wongoyamba kumene kukwawa, woonda, wa chifuwa chosatha. Kwawo mayi ake anali atamwalira, ndipo amalume ake anali ndi mbumba yawo yowakwanira. Ndine ndinam'tengera kuphiri, poona kuti akangokhala pakhomo afa ndi njala. Ankanditchula kuti achemwali, ine n'kumam'tenga ngati mng'ono wanga.

Mwana uja ankalira, abale. Khoma lathu linali la njerwa imodzi, ndiye kulira kwake ndinkakumva ngati ali pa mphasa yanga. Nthawi zina ndinkapita kukam'tenga kuti mayi ake atseke maso pang'ono. Akakhala bwino anali mwana woseka, ankandigwira mphuno n'kumafuna kuizula. Ndinkam'konda, ndipo sindichita manyazi kunena kuti masiku ena ndinkachita nsanje.

Tsiku lina pa mpopi, mzere utatalika, mwana akulira mosalekeza, mtsikana uja anam'gwedeza kumsana n'kunena kuti, "Mwana iwe undipha. Bola ukanangofa ndipumeko." Amayi anaseka, wina n'kuti, "Sunati, mwana wachiwiri ndiye udzaona." Ndani mwa amayi sananenepo mawu otere? Ine ndamva amayi akuuza ana awo kuti ndikupha, ndikudula makutu, ndikuponya m'chimbudzi, ndipo ana omwewo lero ndi madalaivala ndi anamwino. Tsiku limenelo palibe amene anawatola mawuwo. Anadzawatola pambuyo pake, atafuna mwala woti aponye.

Tsoka linagwa m'nyengo yozizira, chiperoni chitakuta phiri lonse moti mnzako wa patsogolo unkangomuona miyendo. Mwana anali atalira kuyambira dzulo lake, ndipo mayi ake anam'mwetsa kapiritsi tisananyamuke monga ankachitira onse. Tili m'kati mwa mapaini tinamva alonda akuyankhulana chapafupi. Tonse tinakhala chete, koma mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Ine ndinali cha uko ndikumanga mtolo wanga, koma mawu a amayi a tcheya, ngakhale akunong'ona, ankafika patali.

"Iwe, m'dulire tikiti ina mwanayo! Utigwiritsa tonse, wamva?"

Mtsikana anamasula mfundo ya pa chitenje chake, pamene ankasungapo timapiritsi tija, n'kuchita zimene anauzidwa. Sindinganame kuti sanam'mwetse. Anam'mwetsa, mwana anagona, alonda anadutsa, ndipo tonse tinatsala ndi zikwanje zathu.

Potsika iye anali patsogolo panga. Titafika pamalo otsetsereka kwambiri, pamene munthu umayenda chammbali, anayankhula osatembenuka.

"Achemwali, mwanayu wazizira."

"N'chiperonichi, tonse tazizidwa," ndinatero.

"Ayi achemwali. Kuzizira kwake n'kwina."

Apo sakanatula. Akanaponya mtolo, ukanam'menya mwana yemweyo. Anayamba kuyenda mothamanga, nkhuni zikugwedezeka pamutu, ine ndikum'tsatira. Titafika pa mwala wotulira, pafupi ndi msewu wa tala, ndinayedzamitsa mtolo wanga n'kum'thandiza kutula wake. Tinamasula mbereko. Mwana anali atapita.

Mtsikana uja sanalire. Anakhala pansi, anatulutsa bere, n'kumaliika pakamwa pa mwanayo mobwerezabwereza, ngati mwina waiwala kayamwidwe. Amayi ena atafika anaima chapatali. Ndinamva amayi a tcheya akuti, "Tiyeni, tisaonekepo pano," ndipo mitolo inadutsa umodziumodzi kutsikira ku tauni. Tinapita kuchipatala awiri, ine ndi iye. Achipatala atam'funsa anafotokoza zonse mmene zinalili, kuti anam'mwetsa kunyumba n'kum'mwetsanso kuphiri, pakuti sankadziwa kuti pali choti abise. Dzuwa lisanalowe anali m'chitokosi.

Maliro anachitika iye kulibe. Mwamuna wake, amene miyezi yonseyo sanabwere n'kasopo komwe, anatulukira akulira ngati ng'ombe, akudzigwetsa pansi, amuna anzake akum'gwira. Anthu ankati, "Taonani bambo wachikondi." Litafika tsiku lometa, pamene oferedwa amametedwa tsitsi kuti maliro achoke pa iwo ndi kuti aliyense wowaona adziwe kuti awa ndi anamfedwa, anam'khazika pabwalo n'kum'meta mpala. Anameta iye, anameta alongo ake, ndipo mayi wa tchipisi uja anali pomwepo akuwotcha madzi. Ine chifukwa cha mkwiyo chakudya cha pamaliropo sindinachilawe.

M'mawa mwake ndinapita ku polisi ndi phala m'kakontena. Ndinam'peza bulauzi yonse yanyowa kutsogolo, mkaka ukungotuluka wopanda woyamwa. Phala sanaliyang'ane.

"Amuika?" anafunsa.

"Amuika, mng'ono wanga."

"Ameta?"

"Ameta dzulo."

Anadzigwira kumutu. "Nanga ine?"

Funso limeneli ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo linakhala nane zaka zonse zimene iye anakhala kundende.

Mlandu unachedwa kulowa, monga imachedwera milandu ya anthu osauka. Tsiku lake litafika amayi a gulu lathu anabwera atatchena, ena atavala zitenje za nkhope za andale. Mmodzi ananena za mawu a pa mpopi aja. Wina anati mtsikanayo ataona kuti mwana wafa sanagwetse ngakhale msozi umodzi. Loya wa boma anafunsa kuti ngati anamva kuti mwana wazizira, bwanji sanataye nkhuni pomwepo, kodi nkhuni zinaposa mwana? M'chipindamo munali amayi odziwa yankho lake odzaza benchi, koma onse anayang'ana pansi. Amayi a tcheya atafunsidwa za timapiritsi anaika dzanja pachifuwa.

"Ife zimenezo sitizidziwa, bwana. Tikuzimvera konkuno."

Ine anandiitana monga munthu amene ndinali naye pa mwala paja. Ndinanena zonse. Ndinati timapiritsi timeneti gulu lonse limamwetsa ana, ndinatchula amene analamula kuti awonjezere, ndinafotokoza za malo otulira. Loya uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi.

"Mayi, inuyo muli ndi ana angati?"

"Ndilibe."

Kumbuyo kunamveka kuseka, ndipo mawu a osekawo ndinawazindikira limodzilimodzi.

"Ana ndilibe, bwana," ndinatero, "koma maso ndili nawo awiri, ndipo makutu anga ndi abwinobwino."

Sizinathandize. Mawu a mayi mmodzi wosabereka sakanalemera kuposa a amayi onse aja. Anam'peza wolakwa ndipo anam'patsa zaka zambiri. Potuluka anandiyang'ana kamodzi, maso ouma gwa, ndipo anthu anati taonani, mpaka lero salira.

Ndikudziwa chifukwa chimene amayi aja ananamira. Ankaopa kuti akavomera awatsekera onse, ana awo n'kutsala okha. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Chimene sindinachimvetse, ndipo sindidzachimvetsa, n'chakuti atapulumuka sanakhale chete mwamanyazi. Anayamba kum'tchula kuti mfiti, wakupha, chilombo, ndipo ankakweza mawu kwambiri amene anali ndi timapiritsi pa mfundo ya chitenje. Ine anandilanga m'njira yosavuta. Nditapita kuphiri ndinamanga mtolo wanga, ndipo panalibe wonditwika. Anadutsa onse ngati ndine chitsa. Ndinatsika ndi tinthambi ta m'manja, ndipo ntchito ya nkhuni inathera pomwepo. Ndinayamba kuchapira zovala ana a sukulu ku Chirunga. Manja anasuwa ndi sopo, koma khosi linapumako.

Kundende ndinkapita ndikapeza mpata, ndi kamtedza kapena mbatata yophika. Nthawi zonse ankabwera atamanga duku. Chaka ndi chaka dukulo linkakula, mpaka tsiku lina ndinam'seka kuti kodi wabisamo nkhuku. Anandiuza kuti anzake a m'ndendemo amam'pempha kuti am'dule tsitsi, popeza linasiya kulukika, koma iye amakana.

"Tsitsi limeneli ndi la maliro a mwana wanga, achemwali. Ndi lomwe lija ndinali nalo kuphiri. Lidzachoka pa tsiku lake."

Kuyambira pamenepo sindinam'sekenso za duku.

Nthawi yake itatha anayamba wapita ku Mayaka, kwa amalume ake, pakuti kumeta ndi kwa abale. Amalumewo anam'landirira panja. Anati maliro amenewo anathana nawo kalekale, ndipo iwo sangaike lezala pamutu pa munthu amene boma lomwe linati ndi wakupha. Anagona kwa mayi wina wachifundo, m'mawa n'kukwera matola kubwerera ku Zomba. Ndinam'peza atakhala pa khonde panga ndi kajumbo kamodzi, atakalamba kuposa ine amene ndinam'tsogolera kubadwa. Titalowa m'nyumba anamasula duku. Tsitsi linali litaphiriphitana ngati mizu ya nsungwi, lolemera, lofika m'mapewa, imvi zitayamba kale.

"Akana," anatero.

Ku Chinamwali nkhani imayenda msanga kuposa kabaza. Madzi a tiyi asanawire amayi a tcheya anali pakhomo, ndi amayi ena awiri kumbuyo kwawo. Anali atasiya zokwera phiri, tsopano anali tcheya wa komiti ya maliro ya m'dera lathu, udindo umene ankaunyamula ngati mendulo.

"Achemwali, timve. Munthu mwam'lowetsa muno ndi uja?"

"Ndi yemweyo. Mukufuna kum'patsa moni?"

"Musatiseke ife. Munthu wokhetsa magazi amakhala ndi chirope, mutu umam'zungulira, amafuna kuphanso. Mdadada uno uli ndi ana."

"Ana a mdadada uno akuopa zambiri, amayi," ndinatero. "Koma popeza mwabwera, ndipo za maliro ndi zanu, ndili ndi pempho. Mwana wake anamwalira, iye sanametedwe. Tithandizeni tim'mete."

Anaseka kuseka kouma. "Amametedwa ndi woferedwa. Uyo sanaferedwe, anapha. Komanso inu ndinu ndani wake? Kumeta ndi kwa abale. Zinthu izi zili ndi eni ake, mwina poti za ana simuzidziwa."

"Za ana sindizidziwa, zoona. Za matikiti ndiye ndimazidziwa."

Nkhope yawo inasintha. Ananena kuti akakamba ndi alandilodi, ndipo sabata isanathe tonse awiri tidzakhala tikufuna nyumba ku Sadzi. Ndinawauza kuti ku Sadzi nakonso kumatuluka dzuwa.

M'mawa mwake ndinapita pa okala yomwe ija kukagula lezala. Timapiritsi tija tinali tikadali pa shelefu, pakati pa machesi ndi maswiti. Ndinabwereka sizasi kwa telala, ndinatenthetsa madzi, ndinatenga sopo. Mng'ono wanga ataona zimenezi anayamba kundichonderera.

"Achemwali, tingopangira m'nyumba muno. Titseke chitseko. Ine bola lichoke basi."

"Mwamuna wako anam'metera kuti?"

"Munati pabwalo."

"Ndiye iwe unalakwa chiyani choposa iye kuti ubisale? Tuluka."

Ndinayala mphasa pa khonde, moyang'ana njira yopita ku mpopi. Dzuwa linali likuswa mtengo, nthawi imene amayi amakhala kuseri kwa nyumba akuphika, moti m'njiramo munalibe munthu. Zimenezi zinandikhumudwitsa pang'ono, chifukwa ndinkafuna mboni. Anagwada, ine ndinaima kumbuyo kwake. Sizasi inavutika. Tsitsi linkagwa m'zibuma, lolemera, ndipo ndinkaliunjika pa kansalu pambali. Kenako ndinapaka sopo n'kuyamba ndi lezala, kuchokera pachipumi kupita kunkhongo. Khungu la pansi pake linali lotuwa, losaona dzuwa zaka zonsezo. Iye anali phee, manja pa mawondo, maso ouma monga mwa masiku onse.

Ine sindine wa mwambo, mawu amene akuluakulu amanena pometa sindiwadziwa bwino. Nditatsala pang'ono kumaliza ndinaona kuti sindingangomaliza ngati ndikumeta mwana wa sukulu. Ndiye ndinangonena zimene zinali mumtima. Ndinatchula dzina la mwana uja, limene panalibe amene analitchulapo chichokereni pa mwala paja, n'kunena kuti, "Mayi ako ndi awa, abwera. Anachedwa chifukwa anawatsekera. Gona bwino tsopano."

Ndinamva msana wake ukugwedezeka pa mawondo anga. Kenako kunatuluka mfuwu umene sindinaumvepo chibadwire, wochokera pansi pa mimba.

"Mwana wanga ine! Ogo, mwana wanga! Ndinkati ugone chabe, ndinkati ugone chabe, bambo anga!"

Tsono amene anakhalako ku Chinamwali akudziwa chimene chimachitika mfuwu wa maliro ukamveka. Munthu safunsa kaye. Mayi amasiya mthiko mumphika, amakokera chitenje m'chiuno akuthamanga, ndipo ambiri amayamba kulira ali m'njira, asanadziwe kuti wamwalira ndani. Zimenezi ine sindinazikonze, ndilibe nzeru zotero. Ndinangoona amayi akutulukira m'tinjira tonse, Akhristu ndi Asilamu omwe, ena ufa uli m'manja, ena ana akulendewera kumsana, akufuula kuti mayo, mayo, watisiya ndani. Oyambirira anafika mpaka pa khonde n'kugwada, misozi ili kale m'masaya. Atadzutsa maso anaona mutu wometedwa kumene, mulu wa tsitsi, ndi ine nditagwira lezala.

Kulira kunazima ngati wathira madzi pamoto. Anatsala akulira ndi mwini maliro yekha. Amayi anayang'anana, ena anayamba kudzuka pang'onopang'ono, koma anaima m'njira. Kwathu kuno munthu ukafika pa maliro subwerera usanakhale pansi. Wobwerera amatchedwa mfiti, ndipo tsiku la maliro a kwake amadzalira yekha. Lamulo limeneli sindinalipange ine, ndipo amene ankalilalikira kwambiri m'dera lathu anali akubwera kumbuyo, akupuma wefuwefu chifukwa cha thupi.

"Mayo ine! Mayo ine! Ndani abale, ndani?" Amayi a tcheya anakankha anthu mpaka kutsogolo, ndipo pomwepo mawu anawathera.

"Mwafika, amayi a tcheya," ndinatero. "Malo awo. Maliro ndi a mwana uja wa kuphiri. Namfedwa ndi uyu."

"Izi ndiye ziti? Mwatipusitsa!"

"Palibe wakuitanani. Mwamva mayi akulira mwana wake, miyendo yanu yabwera yokha. Ngati mukuona kuti si maliro, bwererani. Njira ndi iyo, anthu akuoneni."

Anayang'ana kumbuyo. Amayi onse anali akuwayang'ana, ndipo ambiri mwa iwo anawamvapo akunena kuti maliro n'kulirana. Kenako amayi a tcheya anakhala pansi, pa dothi, kunja kwa mphasa. Atakhala iwo anakhala onse.

Ndinamaliza kumeta pamaso pawo, mosafulumira, mpaka kuseri kwa makutu. Ndinam'tsuka mutu n'kum'pukuta. Iye anali akulirabe, tsopano motsitsa, akutchula dzina la mwana wake. Woyamba kusuntha anali mtsikana wina wachilendo kwa ine, wa gulu latsopano la nkhuni, mwana ali kumsana. Anayenda chogwada mpaka pa mphasa, anagwira dzanja la mng'ono wanga ndi manja awiri.

"Pepani, achemwali. Pepani ndithu."

Pobwerera pamalo pake ndinamuona akupapasa mfundo ya pa chitenje chake, kenako akutembenuzira mwana wake kutsogolo n'kumuyang'anitsitsa kumaso. Anabwera wina, n'kubweranso wina. Anabwera mayi uja ananena za pa mpopi, ndipo iyeyu analira zenizeni, mpaka mamina. Anabwera amene anati sanagwetse msozi, ndipo misoziyo anaiona yokwanira, inam'nyowetsa dzanja. Fungo la ndiwo zopserera linayamba kumveka kuchokera m'nyumba zonse, koma panalibe woyamba kudzuka, pakuti amayi a tcheya anali asanapepese.

Ndinakhala pa mphasa pafupi ndi namfedwa n'kumawayang'ana. Ndinali wokonzeka kukhala pamenepo mpaka nyemba za Chinamwali yense zisanduke makala. Pomaliza anadzikoka, mawondo akulira, mpaka anafika. Dzanja anagwira, koma maso anali pansi.

"Pepa, mwananga," anatero, ndi timawu tating'ono timene sindinkadziwa kuti ali nato.

Ndinkafuna kunena kuti sitinamve, akweze ngati mmene ananong'onera kuphiri. Mawuwo anali kale pa lilime. Koma mng'ono wanga ananditsogolera. Anawayang'ana m'maso n'kunena zimene namfedwa aliyense amanena.

"Zikomo amayi, mwabwera."

Anthu anabalalika kukapulumutsa miphika yawo. Alandilodi sanabwere tsiku limenelo, ndipo sanabwerenso sabata yotsatira, kaya nkhani inawafika kaya inafera m'njira. Tinatsala awiri pa khonde. Ndinamanga tsitsi lija m'kansalu kuti tikalikwirire, ndinataya madzi a sopo, ndinabweza sizasi ya eni ake. Pobwera ndinam'peza akudzisisita pamutu ndi chikhatho, uku ndi uku, ngati akupapasa mutu wa munthu wina.

"Kwapepuka?" ndinam'funsa.

"Kumutu kwapepuka, achemwali." Kenako anapinda dzanja n'kudzigwira pakati pa mapewa. "Koma kumsana kuno kukuzizirabe."

Dzuwa linali likuwotcha moti malata ankalira. Ndinamasula chitenje changa, ndinam'funditsa kumsana, n'kumanga mfundo pachifuwa pake zolimba, monga mmene ankamangira iye mwini tikamanyamuka kupita kuphiri.